Mayeso olowera ntchito m'boma: ndiwerenge chiyani, nanga ndiyambire pati?

Nachisale wa ku Dowa:

Moni nonse akuluakulu. Ndaitanidwa ku mayeso olowera ntchito ya ukalaliki m'boma ndipo kwangotsala masabata asanu. Tauzidwa kuti kudzakhala mayeso olemba, kenako kukaonekera pamaso pa ofunsa mafunso, ndipo gawo lina lidzakhudza zinthu zimene munthu wophunzira amayenera kuzidziwa: malo a dziko lathu ndi a kunja, mbiri yakale, sayansi ndi zolembalemba. Ine ndinamaliza Fomu 4 zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, ndipo kunena zoona zambiri zinandichoka m'mutu.

Mnzanga wina ananditumizira pa WhatsApp mndandanda wautali wa mafunso ndi mayankho ake. Ndimaloweza usiku uliwonse ndikagoneka mwana, koma ndikaloweza makumi awiri lero, mawa ndimapeza kuti theka lauluka. Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti mndandandawo ukunena kuti Malawi ali ndi maboma 27, pomwe mng'ono wanga wa Sitandade 7 akunenetsa kuti ndi 28. Ngati pamenepa alakwitsa, ndingadziwe bwanji kuti mayankho enawo ndi oona? Chonde, amene munadutsamo, ndiuzeni koyambira.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Zomba:

Nachisale mwana wanga, mng'ono wanuyo akunena zoona. Maboma alipo 28: Kumpoto 6, Pakati 9, Kummwera 13. Mndandanda wanuwo uyenera kuti unalembedwa Neno asanapatulidwe ku Mwanza, ndipo anthu akhala akungopatsirana osaukonza. Musautaye, koma yankho lililonse muzilitsimikiza ndi buku la sukulu. Mabuku a mng'ono wanuyo ndi chuma chimene muli nacho kale m'nyumba.

Za kuiwalazo si kuti mutu wanu wafooka ayi. Mfundo imene yaima payokha, yopanda inzake yoigwira dzanja, siikhalitsa m'mutu mwa munthu aliyense. Ndikuphunzitsa ndinkauza ana kuti atenge chinthu chimodzi n'kuchitsatira mpaka kumapeto, ndipo chimene ndinkakonda kwambiri chinali mtsinje wa Shire. Tengani pepala, mujambule mzere wochokera kumwamba kutsikira kumunsi, muyende nawo motere.

Shire ndi mtsinje wokhawo umene umatulutsa madzi m'nyanja ya Malawi. Umayambira ku Mangochi, n'kudutsa m'nyanja ya Malombe, n'kufika pa Liwonde pamene pali chotchingira madzi cha Kamuzu Barrage, ndipo ukapitirira Matope umayamba kutsetsereka m'mathithi kufikira ku Chikwawa. Nyanjayo ili pamtunda, mamita oposa 470 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe chigwa cha Chikwawa ndi Nsanje chili pansi kwambiri. Kutsetsereka kumeneku ndiko kumapatsa madzi mphamvu yozunguza makina, n'chifukwa chake malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse ali m'chigawo chomwecho cha mtsinje. Mwaona, funso la malo labala yankho la sayansi. Mukamvetsa zimenezi simudzavutikanso kufotokoza chifukwa chimene dziko linakhalira mumdima pamene namondwe Ana anawononga Kapichira mu Januwale 2022, ngakhalenso chifukwa chimene kudula mitengo kumtunda kumachepetsera magetsi, popeza dothi lokokoloka limakadzaza m'madamu.

Mathithi omwewo ndiwo anaimitsa David Livingstone mu 1859. Anakwera Shire pa sitima kuchokera ku Zambezi, koma atafika pa Kapichira sitimayo siinathe kupitirira, choncho anayenda pansi. Anaona nyanja ya Chilwa mu Epulo ndipo anafika pa nyanja ya Malawi mu Seputembala chaka chomwecho. Amishoni a Livingstonia atabwera mu 1875, sitima yawo ya Ilala anaiphwasula, anthu athu n'kuisenza pamutu zidutswazidutswa kulambalala mathithiwo, n'kukaimanganso kumtunda. Popeza katundu yense ankayenera kusenzedwa chotero, kumapiri a pakati pa Shire wakumunsi ndi Shire wakumtunda kunasanduka njira ya malonda. Kumeneko ndi kumene kunakhazikitsidwa mishoni ya Blantyre mu 1876, dzina lake lochokera ku tauni ya ku Scotland kumene Livingstone anabadwira, ndipo kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, inatsatira mu 1878. Azungu a minda atalanda malo aakulu m'mapiri omwewo kunabadwa thangata, ndipo nkhanza za thangata, makamaka pa esiteti ya Magomero, ndi chimodzi mwa zimene zinautsa John Chilembwe wa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu pa 23 Januwale 1915. Pepala limodzi lokhalo likukupatsani mayankho ambirimbiri, ndipo lililonse likukumbutsa linzake.

Mukatha Shire, chitani chimodzimodzi ndi phiri la Mulanje: nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002, mtengo wa mkungudza, mvula yambiri, minda ya tiyi.

Bambo a Chisomo, Lilongwe:

Aphunzitsi alankhula bwino ndipo sindingawatsutse, koma ndiwonjezepo chimene ndinaona nditakhala pampando woyankha mafunso zaka zingapo zapitazo. Zilipo zinthu zina zimene muyenera kungoziloweza monga momwe munalowezera dzina lanu, chifukwa ofunsa akafuna tsiku amafuna tsiku lenilenilo, ndipo nthawi yoganiza imakhala yochepa. Ambiri amene tinali nawo anagwa pa zinthu zooneka ngati zofanana.

Ufulu wodzilamulira tinalandira pa 6 Julayi 1964, ndipo Dr. Hastings Kamuzu Banda anali nduna yaikulu, osati pulezidenti. Dziko linakhala lipabuliki pa 6 Julayi 1966, ndipo apa m'pamene anakhala pulezidenti. Riferendamu yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri inachitika pa 14 Juni 1993, pomwe chisankho chimene chinaika a Bakili Muluzi pampando chinali cha pa 17 Meyi 1994, ndipo zonsezi zisanachitike kunali kalata ya maepisikopi a Katolika ya pa 8 Malichi 1992. Dziko lino linalowa m'manja mwa Britain mu 1891, koma dzina lakuti Nyasaland linayamba mu 1907. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953 n'kutha mu 1963. Likulu linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni.

Njira imene inandithandiza ine inali ndalama za m'thumba. Ndinayala ndalama za mapepala patebulo n'kumadzifunsa kuti munthu ali apayu anachita chiyani. Pa K50 pali Inkosi Gomani yachiwiri ya ku Ntcheu, imene inakana chitaganya mpaka atsamunda anaichotsa pampando. Pa K100 pali James Frederick Sangala, mmodzi mwa amene anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944. Pa K200 pali mayi Rose Chibambo, amene anasonkhanitsa amayi pa nkhondo yomenyera ufulu ndipo pambuyo pake anathawa m'dziko chifukwa cha mkangano wa nduna wa mu 1964. Chilembwe ali pa K500 ndi pa K2,000, Kamuzu pa K1,000 ndi pa K5,000. Kalendala nayo imaphunzitsa. Dzifunseni chifukwa chimene timapumulira pa 15 Januwale ndi pa 3 Malichi, ndipo mudzapeza kuti 3 Malichi ndi tsiku limene atsamunda analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti mu 1959, kumanga atsogoleri a Congress ndi kuwombera anthu, ambiri mwa iwo pa doko la Nkhata Bay.

Popeza mukufuna ntchito ya m'boma, musalephere kutchula nthambi zake zitatu ndi ntchito ya iliyonse: Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo, pulezidenti ndi nduna zake amayendetsa dziko motsatira malamulowo, makhoti amawatanthauzira. Muzimveranso nkhani za pa wailesi madzulo aliwonse, chifukwa mayina a nduna amasintha ndipo mndandanda wa pa foni sungakuuzeni.

Nambewe, wogwira ntchito za umoyo:

Achemwali, pa gawo la sayansi musaope ngati kuti akakufunsani masamu ovuta. Kawirikawiri mafunso otere amachokera pa moyo wa tsiku ndi tsiku, ndipo amafuna kuona ngati mukudziwa chifukwa cha chinthu. Malungo sayamba ndi udzudzu weniweniwo, amayamba ndi tizilombo totchedwa plasmodium timene udzudzu waukazi wa mtundu wa anofelesi umatenga kwa wodwala n'kukapatsira wina. Amene anatsimikiza kuti udzudzu ndiwo umanyamula tizilomboti ndi Ronald Ross ali ku India mu 1897, ndipo Malawi ndi dziko loyamba limene linayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, mu Epulo 2019. Likodzo limadzera mu nkhono za m'madzi odikha, kolera imadzera m'madzi ndi chakudya zodetsedwa ndi chimbudzi cha wodwala, ndipo chimene chimapha wodwala kolera ndi kutha kwa madzi m'thupi, n'chifukwa chake timathamangira Thanzi. Mchere amauthira ayodini pofuna kupewa chithokomiro.

Inu ndinu a ku Dowa, thumba la feteleza mumalidziwa. Kaliyang'aneni bwino. Manambala atatu olembedwa pa feteleza wokulitsa amaimira nayitirojeni, fosiforasi ndi potaziyamu motsatana, ndipo chilembo S chimene chimabwera pambuyo pake ndi salufa. Yureya, amene timati wobereketsa, ali ndi magawo 46 pa 100 alionse a nayitirojeni. Mtedza, soya ndi nandolo zili ndi timibulu kumizu momwe mumakhala mabakiteriya otenga nayitirojeni mumpweya n'kumusiya m'nthaka, ndipo ndicho chifukwa alangizi amalimbikitsa kasinthasintha wa mbewu. Zimenezi mumaziona chaka ndi chaka, chatsala ndi kuziika m'mawu oyenera.

Wokonda Mabuku, Blantyre:

Mayi Nachisale, gawo la zolembalemba anthu ambiri amalisiya mpaka usiku womaliza, ndipo zimandipweteka mtima kuona munthu akudziwa alembi a kutali koma osadziwa ndi mmodzi yemwe wa kwawo. Yambirani pakhomo panu pomwe. Mishoni ya Mvera ya mpingo wa Dutch Reformed m'boma lanu la Dowa inayamba mu 1889, ndipo ntchito yaikulu yomasulira Buku Lopatulika, limene linatuluka mu 1922, inatsogoleredwa ndi William Murray wa mpingo womwewo. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni imeneyi, analemba Nthondo, buku limene linapata mphoto pa mpikisano wa zolemba m'zilankhulo za mu Africa ndipo linatuluka mu 1933, kenako T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi. Ntara yemweyo ndiye analemba Mbiri ya Achewa. Chichewa chinasankhidwa kukhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ndipo nyimbo ya fuko anapeka ndi Michael Sauka.

Mwa olemba m'Chingerezi, dziwani Legson Kayira, amene anayenda pansi kuchoka kuno mpaka ku Sudan pofunafuna maphunziro a ku America ndipo anafotokoza ulendowo m'buku la I Will Try la mu 1965. Dziwaninso Jack Mapanje, mlakatuli amene buku lake la Of Chameleons and Gods linatuluka mu 1981, ndipo anamangidwa popanda kuzengedwa mlandu mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991. Mukamakumbukira Mapanje mukukumbukiranso mbiri ya ulamuliro wa chipani chimodzi, monga momwe aphunzitsi anenera kuti mfundo zimagwirana. Za kunja, Chinua Achebe wa ku Nigeria anatulutsa Things Fall Apart mu 1958, ndipo Wole Soyinka wa dziko lomwelo analandira mphoto ya Nobel ya zolembalemba mu 1986. Ngati mungabwereke ngakhale buku limodzi n'kuliwerenga lonse m'masabata asanuwa, chitani, chifukwa wofunsa amazindikira msanga kusiyana kwa munthu amene anawerenga ndi amene anangoloweza mutu wa buku.

Nachisale wa ku Dowa:

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula m'maso. Dzulo ndinajambula Shire papepala la kalendala yakale n'kulimata pakhoma, ndipo m'mawa uno ndinatha kufotokozera mng'ono wanga ulendo wonse kuchokera ku Mangochi mpaka ku Zambezi osayang'ana. Aphunzitsi, ndili ndi funso linanso. Mndandanda uja ukunena kuti madzi a nyanja ya Chilwa ndi amchere, koma sukufotokoza chifukwa chake, pomwe a nyanja ya Malawi timamwa bwinobwino. Kodi zimenezi n'zoona?

Mphunzitsi Wopuma wa ku Zomba:

N'zoona mwana wanga, ndipo yankho lake lili papepala lanu lomwelo. Nyanja ya Malawi ili ndi Shire wotulutsa madzi, choncho mchere umene mitsinje imabweretsa kuchokera m'nthaka umatuluka nawo limodzi. Chilwa alibe mtsinje wotulutsa. Mitsinje monga Phalombe, Likangala ndi Domasi imangothiramo, madzi amachoka pouma ndi dzuwa basi, ndipo mchere umatsalira momwemo chaka ndi chaka. Nyanjayi ndi yosaya kwambiri, kotero mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Mu 1995 ndinadzionera ndekha mabwato ali gone pamatope ong'ambika ku Kachulu, anthu akuyenda pansi kupita ku chilumba cha Chisi, ndipo matemba a ku Chilwa anasowa pamsika wa Zomba. Lembaninso pambali pake kuti nyanjayi inalowa m'kaundula wa pangano la Ramsar loteteza madambo ofunika pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbalame zam'madzi zimene zimasonkhana kumeneko.