Chipinda cha pa Facebook ku Johannesburg: nditumize dipoziti mwana asanafike?

Make Tadala, Luchenza

Abale, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamwamuna wapeza malo pa University of Johannesburg (UJ), ayamba mu February, viza yatuluka kale. Malo ogona a pasukulu sanapeze. Pa Facebook waona chipinda ku Brixton, dera la pafupi ndi sukuluyo, muli bedi, firiji ndi bafa lakelake, lendi R2,200 pamwezi, madzi ndi magetsi momwemo. Mwini wake akuyankha mwaulemu pa WhatsApp. Akuti pano ali ku Durban pantchito, choncho titumize dipoziti ndi lendi ya mwezi umodzi, zonse R4,400, ndipo kiyi adzamusiyira kwa mlonda. Akuti ngati kutumiza marandi kukuvuta, tipereke makwacha pa Airtel Money kwa mlamu wake amene ali ku Limbe. Watipatsa mpaka Lachisanu poti ena akuchifunanso. Ndalamayi ndi ya nandolo wa chaka chino, ina ndakongola ku banki nkhonde. Ikapita sindingaipezenso. Ndingadziwe bwanji kuti munthuyu ndi woona?

Bambo Likoswe, Bvumbwe

Mayi, musatumize ngakhale tambala. Zimene mwalembazi ndi njira yeniyeni ya atsizinamtole, ndipo zizindikiro zonse zakumana pamodzi: mtengo wotsika, mwini nyumba amene ali kutali, kiyi wosiyidwa kwa munthu wachitatu, tsiku lokuthamangitsani, ndi ndalama yopita ku dzina lina.

Tiyambe ndi mtengo. Mnyamatayo atsegule Property24 ndi Private Property, masamba a pa intaneti otsatsa nyumba ku South Africa, alembe Brixton, kenako Auckland Park ndi Melville, aone zipinda khumi za bafa lakelake mmene zikuyendera. Chake chikakhala pansi kwambiri pa zinzake, pomwe chili ndi firiji ndi magetsi aulere, dziwani kuti mtengowo ndi nyambo. Miyezi ya January ndi February ophunzira amalimbirana zipinda za pafupi ndi sukuluyo. Mwini nyumba weniweni alibe chifukwa chotsitsira mtengo kapena kusakasaka munthu wa ku Thyolo.

Zithunzi nazo ziyeseni. Azisunge mufoni, azitsegule ndi Google Lens, pulogalamu yofufuzira zithunzi pa intaneti, ayang'ane kumene zinatulukapo kale. Kawirikawiri mupeza kuti ndi za nyumba yogulitsa ya ku Pretoria kapena Cape Town, anangodula m'mphepete mmene munali chizindikiro cha kampani. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mupemphenso adiresi yonse, nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, muilowetse pa Google Maps n'kutsegula Street View, imene imaonetsa zithunzi za msewu ndi nyumba zake. Misewu ya Johannesburg inajambulidwa. Yerekezani geti, mpanda ndi mtundu wa denga. Wakuba amakonda kuyankha kuti adiresi adzapereka mukalipira, ati poopa mbava. Akatero nkhani yathera pomwepo.

Akapirira zonsezi, muitanitseni vidiyo ya pompopompo pa WhatsApp, osati yojambuliratu. Nthawi ya ku Joni ndi ya kuno ndi imodzimodzi, sangazembe ponena za maola. Ayambire pamsewu, aonetse nambala ya pageti, atsegule ndi kiyi inu mukuona, alowe m'chipindamo, atsegule mpopi madzi atuluke, ayatse getsi, aonetse mita ya mayunitsi. Mukhoza kumuuza kuti akweze zala zitatu kutsogolo kwa zenera. Ngati iye alidi ku Durban, mlonda wosunga kiyi uja achite zimenezi. Amene alibe chipinda amayamba zifukwa: kamera yafa, netiweki ikuvuta, muli munthu wina mpaka kutha kwa mwezi.

Koma chimene chandiopsa kwambiri ndi cha mlamu wa ku Limbe. Mukapereka makwacha ku nambala ya kuno, palibe pepala lililonse lolumikiza ndalama yanu ndi chipinda cha ku Brixton. Ngakhale chipindacho chitakhalapodi, mwini wake angathe kukana kuti sanalandire kanthu, ndipo kungakhale kovuta kutsimikizira bwalo la ku South Africa kuti munalipira. N'chimodzimodzi ndi eWallet, CashSend kapena Instant Money, njira za mabanki a kumeneko zotumizira ndalama: ndalama imapita ku nambala ya foni, munthu amakaitapa pa ATM wopanda khadi, simu n'kuitaya. Masimu olembetsa kale m'maina a anthu ena amagulitsidwa m'misewu ya ku Joni, choncho nambala yoyamba ndi +27 si umboni wa chilichonse.

Chochita n'chophweka ngakhale chimadya kandalama. Mnyamatayo alipire malo ogona a masiku ochepa, sabata imodzi, kapena afikire kwa wachibale. Akatsika basi pa Park Station, tsiku lotsatira apite ku ofesi ya sukulu yoona za malo ogona. UJ ili ndi mndandanda wa nyumba za anthu wamba zimene inaziyendera n'kuzivomereza kuti ophunzira azikhalamo. Asankhe pamenepo, akaone ndi maso ake, ndalama ituluke pambuyo.

Achemwali a ku Chitakale, Mulanje

Make Tadala, zimene anena a Likoswe nzoona. Ine ndiwonjezere za malamulo a kumeneko, chifukwa munthu akadziwa mmene lendi yoona imayendera, yabodza imaonekera patali.

Kuno tinazolowera kupereka miyezi itatu pamanja, landilodi n'kulemba m'kope lake. Ku South Africa kuli lamulo la Rental Housing Act la 1999, ndipo limateteza aliyense wochita lendi, mlendo yemwe. Wochita lendi akapempha kuti mgwirizano ulembedwe, landilodi ayenera kuulemba. Ndalama iliyonse imene walandira ayenera kuperekera risiti yokhala ndi tsiku, adiresi ya nyumba, ndi kulongosola ngati ndi lendi kapena dipoziti. Dipoziti si yake yoti adye. Imayenera kusungidwa ku banki mu akaunti yobereka chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho ndi cha wochita lendi. Asanalowe, awiriwo amayendera limodzi nyumba n'kulemba zowonongeka zonse: galasi losweka, chitseko chosakhoma, sinki yodontha. Mnyamata wanu ajambule chilichonse tsiku limenelo. Potuluka, ngati palibe chimene wawononga, dipoziti ibwezedwe pasanathe masiku 7. Ngati pali zokonza, yotsala ibwezedwe pasanathe masiku 14 chikonzereni, ndipo ali ndi ufulu woona marisiti a zokonzazo. Pakabuka mkangano pali Rental Housing Tribunal, bwalo lomva milandu ya lendi, chigawo chilichonse chili ndi yake, ndipo kudandaula kumeneko n'kwaulere. Tsono onani: munthu wonena kuti kiyi mukatenge kwa mlonda wadumpha kuyendera nyumba, wadumpha risiti, wadumpha zonse.

Ngati mukuchita ndi ejenti, mufunseni Fidelity Fund Certificate yake, satifiketi yomulola kugwira ntchitoyo. Kuyambira February 2022 maejenti a nyumba amayang'aniridwa ndi Property Practitioners Regulatory Authority, imene inalowa m'malo mwa Estate Agency Affairs Board, ndipo pa tsamba lawo la intaneti mungafufuze ngati munthu analembetsa. Apa mpofunika kudekha. Akamberembere ena amaba dzina la ejenti weniweni, chithunzi chake ndi nambala ya satifiketi yake, iwo n'kungosintha nambala ya foni ndi akaunti. Mukafufuza dzinalo mulipeza ndithu, mtima n'kukhala pansi, pomwe mukulankhula ndi munthu wina. Mankhwala ake ndi awa: pezani nokha nambala ya ofesi ya kampaniyo pa tsamba lake lenileni, osati imene wakupatsani, muimbe, mufunse ngati munthuyo amagwira ntchito kumeneko, ngati chipindacho chili m'mabuku mwawo, ndipo akuwerengereni nambala ya akaunti pakamwa. Dipoziti yopita kwa ejenti imalowa mu trust account, akaunti yosungira ndalama za makasitomala, ya dzina la kampani. Mukaona dzina la munthu, imani. Mukalandira imelo yonena kuti akaunti yasintha, imbaninso musanatumize.

Ngati ndi mwini nyumba mwiniwake, aonetse ID yake pamodzi ndi bilu ya nyumbayo yochokera ku khonsolo ya mzinda, City of Johannesburg. Dzina la pa ID, la pa bilu, la pa mgwirizano ndi la pa akaunti likhale limodzi. Bilu ikhoza kupekedwa pa kompyuta, choncho pa ndalama zambiri ndi bwino kufufuza ku Deeds Office, kumene kumalembedwa mwini wa malo aliwonse. Amalipiritsa pang'ono. Mabanki a kumeneko alinso ndi njira yotsimikizira ngati akaunti ikugwirizana ndi dzina ndi nambala ya ID musanatumize.

Kuona nyumba sikulipiritsidwa. Wopempha ya kuonera kapena ya kusungira malo musanaione, musiyeni.

Che Mussa, Limbuli

Ndisiyane pang'ono ndi a Likoswe pa nkhani ya vidiyo. Imagwira akuba aulesi okha. Alipo ena amene amachita lendi nyumba yokhala ndi katundu kwa masiku atatu, monga mlendo aliyense, n'kuitsatsa ngati yawo. Kiyi ali naye, mpopi atsegula, ngakhale kukuyendetsani m'nyumbamo akuyendetsani. Amatolera madipoziti kwa anthu asanu kapena khumi, tsiku lolowa onse n'kukumana pageti ndi zikwama zawo. Enanso ndi alendi enieni amene ali ndi ngongole ya miyezi ingapo ndipo atsala pang'ono kutulutsidwa, ndiye amalowetsa munthu watsopano, kulandira dipoziti, n'kusamuka usiku. Choncho mnyamatayo akapita kukaona, asathere m'chipinda. Agogode khomo loyandikana nalo, afunse kuti lendi mumapereka kwa ndani, ndipo bambo amene andibweretsawa mumawadziwa? Afunsenso mlonda kapena keyateka payekha, wotsatsayo asakumva. Ngati wotsatsayo ndi mlendi, mgwirizano wake uyenera kumulola kulowetsa wina, ndipo mwini nyumba avomereze polemba.

China ndi cha nyumba zosanja za m'kati mwa tauni, ku Hillbrow, Berea, Joubert Park ndi Marshalltown. Zina mwa izo zinalandidwa ndi magulu amene amatolera lendi pomwe nyumba si yawo. Amadula zipinda ndi mabolodi ndi makatani, magetsi ndi olumikiza mwakuba, mageti amakhomedwa ndi maloko usiku. Nyumba ya Usindiso pa Albert Street ku Marshalltown, imene inapsa pa 31 August 2023 n'kupha anthu 76, Amalawi ali momwemo, inali ya khonsolo ya mzinda, koma anthu ankapereka lendi kwa ena. Zizindikiro zake: lendi ya pamanja yopanda risiti, mawaya olendewera m'makwerero, zinyalala zounjikana, madzi otunga ndi zidebe m'nyumba yosanja. Kumeneko sikuti umangotaya ndalama ayi.

Ndinenenso za ife tokha. Dobadoba wolankhula Chichewa, wokutchulani kuti achemwali, wodziwa msika wa Luchenza ndi sukulu ya kwanu, amagwetsa anthu ambiri kuposa mlendo, chifukwa timachita manyazi kumufunsa risiti. Amene amavutika kwambiri ndi abale athu opita ndi matransipota, masiku 30 a pa pasipoti akawathera. Lamulo la Immigration Act la 2002 limaletsa kubwereketsa nyumba kwa munthu wopanda mapepala, choncho wakuba amadziwa kuti munthu wotere sapita kupolisi. Mwana wanu ali ndi viza, asaope kufunsa pepala lililonse, ndipo asaope kulowa pa polisi.

Make Tadala, Luchenza

Zikomo kwambiri nonse. Tamupempha vidiyo, akuti mlonda alibe foni ya kamera, ndipo tsopano akuti titumize R1,000 yokha lero kuti atisungire. Ndalama sitinatumize. Koma mwana wangoulula kuti dzulo anamutumizira chithunzi cha pasipoti ndi kalata ya sukulu, ati zolembera mgwirizano. Pamenepa tichite chiyani?

Achemwali a ku Chitakale, Mulanje

Kutsika kuchoka pa R4,400 kufika pa R1,000 ndi chizolowezi chawo akaona kuti munthu wayamba kukayika. Musayankhenso za ndalama.

Pasipoti imene ili m'manja mwa mwana ikugwirabe ntchito, ulendo usaimitsidwe. Choopsa n'chakuti munthu uja angagwiritse ntchito chithunzicho pobera ena, kunamizira kuti iye ndi wophunzira amene akusiya chipinda, kapena kulembetsera simu m'dzina lake. Musanamutseke pa WhatsApp, jambulani zokambirana zonse kuyambira pachiyambi, nambala yake, tsamba lake la Facebook, chotsatsa chija, ndi nambala ya mlamu wa ku Limbe. Zisindikizeni papepala. Pitani nazo pa polisi ya Luchenza mukalembetse, mutenge lipoti losonyeza tsiku limene chithunzicho chinatumizidwa. Mwana anyamule kope la lipotilo popita, kuti dzina lake likadzatulukira pa mlandu wina akhale ndi chomuteteza. Nambala ya ku Limbe ija ndiyo mchira wogwirika, chifukwa kuyambira 2018 simu iliyonse kuno imalembetsedwa ndi chiphaso. Ipatseni apolisi, muidziwitsenso kampani ya foniyo. Pa Facebook dinani pa madontho atatu a chotsatsacho muchinene kuti n'chachinyengo, ndipo chenjezani ena pa gulu limene anachipezapo.

Mwanayo auzenso ofesi ya ophunzira akunja pa UJ kuti kalata yake ili m'manja mwa munthu wotere. Ngati wina amuimbira ponena kuti ndi wa kusukulu ndipo akufuna ndalama yolembetsera kapena manambala obwera pa SMS, adule foni, aimbe yekha ku sukuluko.

Mtsogolo muno ejenti weniweni adzafunadi kope la pasipoti ndi la viza, pamodzi ndi umboni wa amene azilipira lendi. Adzapereke ataona chipinda ndi kutsimikiza ejentiyo, ndipo pa kope lililonse alembe ndi cholembera, modutsa pakati, kuti ndi lofunsira chipinda cha pa adiresi yakuti, tsiku lakuti.