Kodi zotsatira za chindoko zoyezetsa patangotha sabata imodzi n'zodalirika?

Wodandaula_LL:
Masabata awiri apitawa ndinagona ndi mayi wina yemwe sindikumudziwa bwino. Tinagwiritsa ntchito kondomu, koma tinagonananso m'kamwa popanda chodzitetezera. Patatha sabata imodzi ndinakayezetsa magazi ndipo sanandipeze ndi chindoko, komanso mpaka lero ndilibe chilonda paliponse. Akazi anga ndi oyembekezera, choncho ndikupempha amene akudziwa andithandize ngati ndingakhazike mtima pansi.

Namwino_Wopuma:
Bambo, zotsatira zimenezo musazidalire, chifukwa munayezetsa mofulumira kwambiri. Zipangizo zoyezera sizifufuza kachilombo koyambitsa chindoko kotchedwa Treponema pallidum mwachindunji, koma zimafufuza asilikali amene thupi limapanga polimbana nako, ndipo asilikaliwo amatenga masabata angapo kuti aonekere m'magazi. Mukayezetsenso pakatha masabata 6, ndipo ngati sanakupezeni nacho, mubwerezenso pakatha miyezi 3.

Kusaona chilonda nakonso sikutsimikizira kanthu. Chilonda choyamba chimatuluka pakati pa masiku 10 ndi 90, kawirikawiri pakatha masabata atatu, ndiye kuti kwa inu masabata atatuwo sanakwane n'komwe. Chikatuluka nthawi zambiri sichipweteka, chimatha kubisala m'kamwa kapena kumaliseche, ndipo chimapola chokha pakatha masabata atatu mpaka 6 pamene matendawo akupitirira m'thupi. Pambuyo pake ena amatuluka zidzolo zosayabwa m'zikhatho ndi kumapazi, amatupa mwanabele ndiponso kumva malungo.

Mlangizi_Zomba:
Ndikuwonjezera pa nkhani ya kondomu. Munachita bwino kuigwiritsa ntchito ndipo yachepetsa chiopsezo, koma chindoko chimafala khungu likakhudzana ndi chilonda, ndipo chilondacho chikhoza kukhala pamalo amene kondomu sifika. Kugonana m'kamwa kumapatsiranso matendawa. Ngati mungathe kulankhula ndi mayiyo, mupempheni akayezetse, pakuti akapezeka nacho achipatala amapereka mankhwala kwa amene anagona naye m'masiku 90 apitawo ngakhale magazi a munthuyo asanaonetse kanthu. Poyezetsanso mupemphe kuti akuyezeni HIV, popeza maola 72 oyambira mankhwala a PEP, oteteza munthu kuti asatenge HIV atagonana mosadziteteza, anadutsa kale.

Namwino_Wopuma:
Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mayi akunyumba. Chindoko chimadutsa kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, ndipo chingachititse kupita padera, kubereka mwana wakufa kapena wodwala kwambiri. Ngakhale atakhala kuti anayezedwa kale kusikelo, kuyeza kumeneko sikukhudza zimene zachitika pambuyo pake. Njira yotetezeka ndi kusakhalira nawo limodzi kufikira mutatsimikiza, ndipo ngati mwakhala nawo kale chichitikire zimenezi, ayenera kukayezedwanso. Ndikudziwa kuti kuwauza n'kovuta, koma alangizi kuchipatala amathandiza mabanja kukambirana nkhani zotere mwachinsinsi.

Mankhwala ake alipo. Chindoko chongoyamba kumene chimachizika ndi jakisoni mmodzi wa benzathine penicillin, yemwenso ndi woyenera kwa amayi oyembekezera. Musagule makapisozi pamsika kuti mudzichize nokha, chifukwa angabise zizindikiro matenda asanathe.

Wodandaula_LL:
Zikomo kwambiri nonse. Mayi uja ndamuimbira foni ndipo wavomera kukayezetsa mawa. Ine ndipita Lolemba kukaonana ndi mlangizi kuti andithandize mmene ndingawafotokozere akazi anga.