Kodi tingayerekeze bwanji chitukuko chokhazikika cha mayiko osiyanasiyana?

Akuluakulu odziwa za ziwerengero, ndikupempha nzeru zanu. Ndikufuna kupanga mlozo umodzi woyerekezera mayiko potsatira zolinga 17 za chitukuko chokhazikika zimene bungwe la United Nations linavomereza mu 2015, koma kaphatikizidwe ka zizindikiro kandiimitsa mutu.

Zaka zimene munthu amayembekezeka kukhala ndi moyo, chuma chogwera munthu mmodzi komanso mpweya wa carbon dioxide umene dziko limatulutsa zimayezedwa mosiyana, choncho ndimayamba ndaziika zonse pakati pa 0 ndi 1. Chondidetsa nkhawa n'chakuti ndikatenga avereji wamba, dziko lolemera limene likuwononga chilengedwe limakwera pamwamba chifukwa chuma chake chimaphimba kuwonongako, ndipo zimenezi sindingagwirizane nazo. Kuyambira mu 2010, bungwe la UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, limagwiritsa ntchito geometric mean (avereji yopezeka pochulukitsa manambala m'malo mowaphatikiza) powerengera Human Development Index, mlozo woyeza chitukuko cha anthu, kuti gawo lofooka lisabisike, koma mlozo umenewo uli ndi magawo atatu okha. Kodi njirayi imagwirabe ntchito bwino magawo akachuluka, kapena ndi bwino kupeza mphamvu imene chizindikiro chilichonse chikhale nayo pa mlozo kudzera mu principal component analysis (njira yoona mmene zizindikiro zimasinthira limodzi)? Kuona kwanga, njira yachiwiriyi imakweza zizindikiro zimene zimayendera limodzi ngakhale zisakhale zofunika kwambiri.

Palinso mayiko amene sachita kafukufuku wa m'makomo pafupipafupi. Ndikawachotsa, mlozo utsala wa mayiko olemera. Ndikadzaza mipata ndi avereji ya chigawo chawo, ndikhala ndikulemba zimene palibe anayeza. Inu mumachita bwanji pamenepa?