Kodi kuwerenga nkhani zopeka, zamasewera ndi za oimba kumasokoneza maphunziro?

Wophunzira wa ku Zomba: Ndili m'chaka chachiwiri ku yunivesite, ndipo anzanga amandidzudzula kuti ndimataya nthawi powerenga nkhani zopeka, mbiri ya oimba komanso nkhani za mpira, m'malo moika mtima pa mabuku a m'kalasi. Kodi akunena zoona?

Mphunzitsi wopuma: Mwana wanga, musaleke. Pochonga mayeso ndinkazindikira msanga wophunzira wowerenga nkhani zopeka, chifukwa ziganizo zake zinkalumikizana bwino, ndipo ankatha kulondoloza mfundo mpaka kumapeto popanda kusochera.

Wokonda Flames: Ngakhale nkhani za mpira zimanola maganizo. Flames itagonja 2-1 ndi Morocco ku Cameroon mu Januwale 2022, ngakhale kuti Gabadinho Mhango ndiye anayamba kugoletsa, aliyense anafotokoza kugonjako mwa njira yake. Amene amawerenga malipoti angapo a masewero amodzi, n'kusiyanitsa zimene zinachitikadi ndi maganizo a mtolankhani, akuchita ntchito yomweyo imene aphunzitsi amafuna pa kafukufuku.

Mayi wa ku Mzuzu: Ndikuvomereza, makamaka pa nyimbo, pakuti simungamvetse mbiri ya oimba a nthawi ya Kamuzu Banda osadziwa lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisangalalo, lomwe linkachititsa ambiri kubisa uthenga m'miyambi. Komabe anzanuwo musawanyoze. Mayeso akayandikira, nkhani zopekazo muzisungire madzulo mukamaliza ntchito ya m'kalasi, chifukwa buku lokoma limatha kudya usiku wonse.