Mwala wonyezimira wa m'chitsime, kodi ndi mtovu?

Wakumkanda:
Akuluakulu, okumba chitsime kuno ku Mkanda atulutsa mwala wotuwa, wonyezimira, pa mamita 12. Ena akuti ndi mtovu ngati wa ku Kabwe. Pansi pathu pangafanane ndi kumeneko?

Chemiyala:
Ayi achimwene, n'zosiyana. Mgodi wa Kabwe ku Zambia, womwe unatsekedwa mu 1994, uli m'mwala wa dolomite, wachibale wa laimu. Mtovu ndi zinki zinaundana m'mitsempha yotsikira pansi m'mwalawo. Madzi amadya dolomite n'kusiya mphako, n'chifukwa chake ankapopa madzi mumgodimo osalekeza. Kuno ku Mchinji mumayamba katondo, kenako lubwe, kenako mwala wofumbutuka womwe umasunga madzi, ndiye thanthwe la gneiss.

Nyundo:
Ingouyesani. Mwala wa mtovu, galena, umalemera zodabwitsa, kasanu ndi kawiri kuposa madzi. Mukaumenya ndi nyundo umasweka timabokosi tangodyangodya. Ukamadetsa zala n'kulemba papepala ngati pensulo, ndi graphite ameneyo. Ukamasendeka timapepala topyapyala, ndi mica. Ine ndikuganiza kuti mwala wanuwo ndi graphite kapena mica.

Chemiyala:
Koma musauotche pambaula poyesa kusungunula, utsi wa mtovu umawononga ubongo wa ana. Kulungani kachidutswa, lembani kuya kwake, tumizani ku Geological Survey, nthambi ya boma yofufuza za miyala, ku Zomba.