Ndiwayankhe bwanji ana a Fomu 4 za Marquis de Sade?

Wofunsa: Moni nonse, makamaka aphunzitsi anzanga ndi makolo. Ndimaphunzitsa Chifalansa pa sekondale ina ndipo ndikupempha nzeru.

Timakambirana za 14 July 1789, tsiku limene anthu a ku Paris anathyola ndende ya Bastille n'kupezamo akaidi 7 okha. Mnyamata wina anati waona pa foni kuti mu ndendemo munalinso Marquis de Sade, wolemba mabuku wa ku France wochokera m'banja lapamwamba, amene anamuchotsamo kutatsala masiku 10, ndipo anamutcha ngwazi ya ufulu. Za kuchotsedwazo n'zoona. Pa 2 July anakuwa pa zenera kuti akaidi akuphedwa, anthu abwere adzawapulumutse, ndiye patatha masiku awiri anamusamutsira ku Charenton, kosungira odwala misala.

Chikundisowetsa tulo ndi mbiri yake. Pa Pasaka wa mu 1768 anatenga Rose Keller, mayi wamasiye amene ankapemphetsa mu msewu, pomulonjeza ntchito ya m'nyumba. Atafika naye ku Arcueil, mudzi wa pafupi ndi Paris, anamutsekera n'kumukwapula, mpaka mayiyo anathawira pa zenera. Mu 1772 ku Marseille anapatsa atsikana oyendayenda maswiti othira mankhwala, ena anadwala kwambiri, khothi linamugamula kuti aphedwe iye atathawira kale ku Italy ndi mlamu wake. Mabuku akenso ndi odzaza nkhanza zogonana.

Ana anga ndi a zaka 16 ndi 17, ambiri atsikana. Ndawalonjeza yankho Lolemba. Ndinene zonse, ndidule, kapena ndingoti sizili pa silabasi?

Bambo wa ana atatu: Aphunzitsi, ine monga kholo ndikuti zisiyeni. Mukangotchula dzinali kawiri, madzulo ake ana onse akhala akufufuza mabukuwo pa intaneti. Tinawatumiza kudzaphunzira chilankhulo. Auzeni kuti anali munthu woipa, basi, mupitirize phunziro.

Mphunzitsi wa mbiri yakale, wopuma pantchito: Bambo, nkhawa yanu ndaimva, koma foniyo mwana ali nayo kale, ndipo yamuuza theka lokoma lokha. Mayi mphunzitsi, mwapeza mwayi wophunzitsa chifukwa chimene Bastille inkadedwera. Chigamulo cha imfa chija chinafafanizidwa mu 1778, koma Sade sanatuluke. Chimene chinamusunga ndi kalata ya chidindo cha mfumu imene apongozi ake, Madame de Montreuil, anapempha pofuna kuteteza dzina la banja. Kalata yotere inkatsekera munthu popanda mlandu kuzengedwa, popandanso tsiku lotuluka. Anakhala ku ndende ya Vincennes kuyambira 1777, ku Bastille kuyambira 1784, ndipo anamasulidwa mu 1790 makalatawo atathetsedwa.

Ndiye pali zinthu ziwiri, zonse zoona. Munthuyu anazunza amayi. Njira imene anamutsekera nayo inalinso yosalungama. Ana a Fomu 4 angathe kusenza ziwirizi pamodzi, musawachepetse. Mukafuna kuwonjezera, mu 1793 ali ndi udindo m'dera lina la Paris anali ndi mpata wobwezera apongozi akewo, koma anawateteza. Iye yemwe anatsala pang'ono kudulidwa mutu mu 1794, Robespierre, mtsogoleri wamphamvu wa boma la nthawiyo, atatsala pang'ono kugwa.

Mayi wogwira ntchito ndi atsikana: Agogo anena bwino, koma ine ndikupempha chimodzi: musayambe ndi Sade, yambani ndi Rose Keller. Tchulani dzina lake. Nenani kuti anathawa, anakanena, amayi a m'mudzimo anamuthandiza, kenako a banja la bwanayo anamupatsa ndalama kuti asiye mlandu. Ine apa ndi pamene mtima umandipweteka. Munthu wosauka analibe kolowera, pamene mwana wa banja lapamwamba anangokhala m'ndende miyezi yowerengeka n'kubwerera ku nyumba yake yaikulu ya ku Lacoste, kumene pambuyo pake makolo anadandaula za ana awo amene anawalemba ntchito. Atsikana anu akamva zimenezi sadzafuna kumasuliridwa, nkhani zothera pa ndalama amazimva m'makwalala. Mwina wina mwa iwo ali ndi yake imene sanauzepo munthu. Mukamaliza muwauze kuti khomo lanu ndi lotsegula. Za momwe ankazunzira musafotokoze mwatsatanetsatane, kungoti anamutsekera ndi kumukwapula n'kokwanira.

Mnyamata wophunzira ku France: Anti, ndiwonjezereko za kuno. Afalansa eni ake sagwirizana za munthuyu. Mpukutu wa mapepala wotalika mamita pafupifupi 12 umene analemba mobisa mu Bastille mu 1785, boma linaugula mu 2021 pa mayuro 4.55 miliyoni ngati chuma cha dziko. Ena amati anaulula mdima wa mumtima wa munthu, ena amati kumulemekeza n'kuiwala amayi aja. Mu ulamuliro wa Napoleon anamangidwanso mu 1801 chifukwa cha mabuku, ndipo anamwalira ku Charenton mu 1814 ali ndi zaka 74. Mabukuwo ana asawaone, pamenepa ndili ndi bambo aja.

Wofunsa: Zikomo nonse. Bambo, mayina a mabuku sinditchula, ndikukutsimikizirani. Ndiyamba ndi Rose Keller, kenako kalata ya mfumu, ndipo ndifunsa ana kuti ngwazi ya ufulu imadziwika ndi chiyani. Mnyamata uja sindikufuna achite manyazi, anafunsa bwino. Chatsala ndi chimodzi: ndidziwitse ahedi ndisanalowe m'kalasi?

Mphunzitsi wa mbiri yakale, wopuma pantchito: Adziwitseni Lachisanu, mwanawe, muwaonetse zimene mwalemba pa pepala. Mupemphenso mphunzitsi wolangiza atsikana adzakhale nanu m'kalasimo.