Kodi kukula osasamalidwa kungapangitse munthu kumamva mawu akakula?

Chisomo_92:
Anzanga ndithandizeni maganizo. Mng'ono wanga ali ndi zaka 22, chaka chatha anayamba kumva mawu a anthu oti palibe, akuti amamunyoza, nthawi zina amakhulupilira kuti anthu akumuzonda pa foni. Adokotala anati ndi psychosis, vuto la maganizo lopangitsa munthu kumva kapena kukhulupilira zinthu zoti palibe, akumwa mankhwala ndipo zikusinthako. Koma chikundisowetsa mtendere nchoti adokotala aja anafunsitsa kwambiri za ubwana wake. Ine ndinakulira kwa azakhali, iye anatsala ndi mayi nthawi imene mowa unawalowelera, mwana wa zaka zinayi amatha tsiku lonse yekha mnyumba osadya osasamba, kulira mpaka kutopa popanda omunyamula. Sanamenyedwepo ayi, anangosiyidwa basi. Zoona zimenezo zingabweretse izi patapita zaka zonsezi?

Tadala_M:
Pepani achimwene. Eya, mgwirizano ulipo ndithu. Mu 2012 Filippo Varese ndi anzake anaphatikiza kafukufuku wambiri wa mmayiko osiyanasiyana, anapeza kuti anthu omwe anazunzika ali ana chiopsezo chawo cha psychosis chimakhala pafupifupi katatu kuposa ena, ndipo kunyalanyazidwa kunali mgulu lomwelo limodzi ndi kumenyedwa ndi kugwiriridwa. Anthu timaona ngati nkhanza ndi chibakera chokha koma mwana osiyidwa naye amavulala, kungoti bala lake silioneka.

Taganizani, khanda likalira nkunyamulidwa thupi lake limaphunzira kuti mantha amabwera nkutha. Nde ngati palibe obwera, thupi limangokhala tcheru nthawi zonse, mahomoni a nkhawa ngati cortisol amasokonekera, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti izi zimakhudzanso dopamine, kemikolo yotumiza mauthenga mu ubongo, mpaka munthu akakula zinthu wamba ngati anthu awiri akuseka kuseli zimaoneka ngati akunena iyeyo. Komanso mwana amene palibe anamutetezapo amakula akudziwa kuti anthu sodalilika, nde kukayikira aliyense sikuchokera patali.

Bambo_a_Yankho:
Zomwe anena a Tadala nzoona koma tisathamange. Katatu sikutanthauza kuti aliyense osasamalidwa adzadwala, ambiri sadwala nkomwe, ndipo ena amadwala atakulira mchikondi chenicheni. Pamalowanso za kumtundu, chamba makamaka ukayamba uli wachichepere, kusagona, mavuto akakuunjikira. Komanso kumva mawu kapena kuona zinthu zoti palibe sikosowa ngati mmene timaganizira, kafukufuku wa mmayiko 18 amene anatuluka mu 2015 anapeza anthu pafupifupi 6 pa 100 alionse zinawachitikirapo, pomwe schizophrenia, matenda aakulu a maganizo obweretsa psychosis, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2022 anati ndi munthu mmodzi pa 300. Chonde musapite kukawaloza chala mayi anu, mwina nawonso ankadwala osapeza owathandiza.

Nyenyezi:
Ine ndalemba nkufufuta kangapo koma ndingonena. Ndinakula chimodzimodzi, makolo analipo koma ngati kulibe, ndikadwala palibe ofunsa, ndikachedwa kubwera palibe ondifunafuna. Ndili ndi zaka 19 ndinayamba kumva mawu a mzimayi, tsiku ndi tsiku amangoti palibe akukufuna iwe. Patapita nthawi ndikucheza ndi aphungu ndi pomwe ndinazindikira kuti mawu aja amanena zomwe ndinkadziuza ndekha ndili mwana ndikagona. Mankhwala anachepetsa phokoso lija koma chinandidzutsa kwambiri ndi achemwali anga, anasiya zondiuza kuti palibe chomwe ukumva, mmalo mwake amandifunsa kuti lero akuti chani, ukuopa? nkukhala nane pompo mpaka zitadutsa. Musamutsutse komanso musamuvomereze kuti akumuzondadi, ingomuuzani kuti ine sindikuwamva koma ndikuona kuti zikukuwawa. Ndipo asasiye mankhwala payekha olo aone ngati wachira, akambe kaye ndi adokotala. Akayamba kunena zodzivulaza musadikire tsiku la sikelo, thamangani naye kuchipatala.

Chisomo_92:
Zikomo nonse. A Nyenyezi mwandiliza, chifukwa ine ndi amene ndakhala ndikumukalipira kuti asiye zopusazo. Chimandipweteka nchoti ine ndinkadya nkukhuta kwa azakhali iye ali yekha mnyumba muja. Lachinayi ali ndi tsiku lokaonana ndi adokotala, ndapempha kale kuntchito kuti ndimuperekeze, ndikafunsanso ngati kuli aphungu oti azicheza naye za ubwana wakewo.